Mtengo wa M'ndowa

Chaka chimene mvula idayamba ndi matalala n'kudzaleka chimanga chili m'mawondo, chaka chomwe apongozi anga adagawira ana awo aakazi munda wotsiriza wa mbumba yawo, gawo la mkazi wanga Nangondo n'kuchepa kotero kuti mbuzi yomangidwa pachikhomo ikadalidya lonse chingwe chisadakungike, ndi chaka chimene iye ndi ine tidakulunga mphasa, tidatenga makasu awiri, tidabereka mwana wathu Ndaziona, ndi kutuluka m'mudzi kukapempha nthaka kwa eni.

Palibe adatipirikitsa. Ndikunena zimenezi chifukwa munthu wopirikitsidwa amakhala naye womutukwana mumtima, ndipo kutukwana kumafunditsa nthawi yachisanu. Ife tidalibe womutukwana. Nthaka siibala nthaka inzake, pamene anthu sadaleke kubala anthu. Kumene ndidabadwira ine kudali chimodzimodzi: alongo anga adali atasiya kale kupatsana moni chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire umene unkasuntha wokha chaka ndi chaka.

Kuseri kwa nyumba ya apongozi kudali mtengo wa mandimu, ndipo patsinde pake padamera kambande kotalika ngati chala. M'mawa wa ulendo wathu Nangondo adakakumba ndi dothi lake lomwe, n'kukaika mumphika wong'aluka pakamwa.

"Make Ndaziona," ndidatero ine, "mutu wanu ndi umodzi. Musenza ufa kapena musenza minga?"

"Ufa musenza ndinu, bambo ake. Aka sikakhalitsa mumphikamu. Tikangopeza pathu ndikabzala."

Adapinda nkhata, adasenza mphika, ndipo tidayenda.

Mudzi woyamba udali patsinde pa phiri. Mwini malo adali munthu wa ng'ombe zambiri ndi mawu ochepa. Adatitengera kuthengo kumene khasu lidali lisadagwepo, adatambasula dzanja kuchokera pachulu kukafika pamtsinje, nati tilime. Ine ndidawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma maso ake adali pamutu pa mkazi wanga.

"Nanga icho mwasenza mayi n'chiyani?"

"Ndi kamtengo ka mandimu, bambo."

"Iyayi, pano ayi. Chimanga bzalani, nyemba bzalani, maungu ayange mpaka kumtsinje. Koma mtengo ayi. Chimanga chimakhala miyezi, mtengo umakhala mibadwo. Mawa ine ndikatsikira kulichete, mwana ali kumsanayo adzaimirira pabwalo n'kunena kuti mtengo uwu adabzala ndi mayi anga, choncho malo ano ndi athu. Akuluakulu adzayang'ana mtengo, chifukwa mawu anga adzakhala ataolera limodzi ndi ine."

"Suli m'nthaka yanu, bambo," adatero Nangondo. "Uli mumphika mwanga."

Munthu uja adaganiza kanthawi, kenaka adaseka kuseka kwake kumodzi kokha kumene ndidakumva. "Tautsitsani pansi. Tsopano tanyamulani ndione." Nangondo adanyamula. "Chabwino. Chonyamulika ndi katundu, ndipo mlendo saletsedwa katundu. Koma tsiku limene udzakane kunyamulidwa, odzachoka ndinu."

Kumeneko ndidaphunzira kuswa mphanje. Ndidaphunzira kuti chitsa sulimbana nacho pamutu. Umachikumba mozungulira, n'kudula mizu yake umodziumodzi monga munthu woleza amathetsera mlandu, mpaka chigwedezeke chokha. Ndidaphunzira kuti chitsa cha msuku chimagonja msanga, pamene cha muwanga chimadya nkhwangwa. Mvula yoyamba tidakolola zongokwanira kuti tisafe. Yotsatira nthaka idayamba kutidziwa. Itafewa ndithu, khasu likulowa ngati mumtanda wa mbatata yophika, mwini malo adabwera ndi mnyamata wa manja osalala.

"Uyu ndi mkamwini wanga," adatero. "Alibe polima. Inunso mukudziwa, mlendo ndi mame."

Nangondo adapinda nkhata.

Mudzi wachiwiri udali ngati woyamba, kungoti phiri lidali kolowera dzuwa ndipo mwini malo adali mayi. Wachitatu udalibe phiri. Pena ndikamakumbukira ndimaona ngati mudzi udali umodzi womwewo, umene unkatidutsa m'njira n'kukatidikira kutsogolo utavala chipewa china. Kulikonse kudali thengo lofuna msana wa munthu, kulikonse kudali dzanja lotambasuka kuchokera pachulu kukafika pamtsinje, ndipo kulikonse maso ankakwera pamutu pa mkazi wanga. Tanyamulani tione. Ankanyamula. Nthaka ikafewa kunkatulukira mkamwini, kapena mwana wobwera kusukulu, kapena mchimwene amene adaiwalika kunja kwa dziko. Mbiri yanga idayamba kunditsogolera. Ndinkafika pamudzi anthu atamva kale kuti kukubwera wozula zitsa ndi mkazi wake wa mtengo pamutu, ndipo ankatilandira bwino, monga alandirira mvula anthu amene akudziwa kuti idzapita yokha.

Mphika uja udasweka, mtengo udalowa m'chitini. Chitini chidachepa, udalowa mumphika wina. Chilimwe chilichonse tinkaugoneka pamphasa, Nangondo atagwira tsinde, ine n'kuusolola. Mizu inkatuluka itazungulirazungulira ngati njoka yogona, ikufunafuna khomo limene kudalibe. Ndinkaidula ndi mpeni, iye akuyang'ana kumbali. Dothi latsopano ankalitapa m'mphepete mwa msewu, chifukwa ankati limenelo lokha ndilo lilibe mwini woti adzatifunse. Motero mtengowo sudakule kupitirira m'chiuno mwa munthu. Udali ndi khungwa la nkhalamba ndi msinkhu wa mwana, ndipo sudachitepo duwa.

Amene adakula ndi Ndaziona. Mtengowo ankautcha mng'ono wake. Ukamubaya ankadandaula kwa mayi ake kuti, "Amayi, mwana wanuyu mwamulera moipa, taonani wandikanda." Ndipo mayi ake ankati, "Musiye, ndi wokwiya. Iwe uli ndi miyendo, iye alibe."

Zitsa zitatha m'dera limenelo tidamva za esiteti ya fodya imene inkalandira mabanja. Kudali nthaka yoti maso sangaimalize, yofiira, yosalala, yopanda chitsa n'chimodzi chomwe, ndipo pakati pake padali mizere ya tinyumba ta udzu tofanana ngati mazira a nkhanga. Kapitawo sadafunse za mtengo kuti ndi wa chiyani. Adangoukankha ndi nsapato, utagwedezeka iye adapitirira. Kumeneko ndidaphunzira kufesa mbewu yosaoneka ndi maso, kuthyola masamba kuyambira m'munsi, kuwasoka ndi kuwapachika m'chigafa. Ndidaphunziranso kuti munthu angathe kulima kuyambira mvula yoyamba mpaka yotsiriza chinthu chimene mwana wake sangadye. Utomoni wa fodya unkakanirira m'manja, ndipo chilichonse chimene tinkagwira chinkawawa, ngakhale madzi akumwa. Phoso, chakudya chimene eni esiteti ankatigawira, linkabwera m'chitini, ndipo chitinicho chinkaoneka ngati chikuchepa pamene fodya ankatalika.

Tsiku lina kudabwera mayi wa nsapato zazitali, mlamu wake wa kapitawo, akufuna mtsikana wokalera ana kutauni. Adayang'ana Ndaziona monga ayang'anira nkhuku pamsika. Ine ndidakana. Nangondo adakana. Ndaziona ndiye adavomera.

"Atate, pano ndikudya phoso lanu. Kumeneko ndikadya la eni, lanu litsale. Kodi si mmene takhalira chibadwire changa?"

Lole yodzamutenga itaima pamsewu, Ndaziona adagwada pafupi ndi mtengo uja n'kuthyola tsamba limodzi, adalifikisa m'manja, adanunkhiza.

"Amayi, ndikadzafuna kubwera ndidzabwera kuti? Inu simukhala pamodzi."

"Udzafunse anthu a mtengo wa pamutu. Aliyense akutidziwa."

"Ayi, ine ndidzafunsa kumene mwaubzala. Mukadzaubzala ndiye kuti kwathu kwapezeka. Iwe mng'ono wanga, usamale makolo, usamangowabaya."

Adaseka, adakwera, fumbi lidamutseka. Mvula idabwera n'kupita. Mawu ake adafika kamodzi kudzera mwa woyendetsa lole, kuti ali bwino ndipo wanenepa. Kenaka mayi wa nsapato zazitali adasamukira kwina, kapitawo adachotsedwa ntchito, ndipo padasowa munthu woti n'kumufunsa.

Tidapita kutauni kukamufuna. Tauni idali mipanda. Kuseri kwa mpanda uliwonse kudali galu ndi mtsikana wobereka mwana wa eni, ndipo mtsikana aliyense kumsana adali Ndaziona, mpaka atatembenuka. Nangondo ankaima pazipata mtengo uli pamutu, akuti mwina mwana akasuzumira adzaona masamba pamwamba pa mpanda. Alonda ankamuseka. "Mayi, tikugula nkhuni, osati zamoyo!" Iye ankangosuntha kupita pachipata china.

Kuti tidye ndidalowa ganyu woumba njerwa kunja kwa tauni. Kumeneko nthaka sailima, amaiwotcha. Ndidaphunzira kuponda dothi mpaka litaleka kulira pansi pa phazi, kulimenya m'chikombole, kupanga uvuni ndi kusunga moto wake. Dothi lidali lakuda, lonona, loti likadabala chimanga cha ana awiriawiri. Ndinkalimva m'zala zanga likupempha mbewu, ine n'kuliponya pamoto kuti likakhale mpanda wina. Nangondo adabzala timizere ta chimanga m'mphepete mwa msewu waukulu. Chitayamba kumasula kudabwera anthu a yunifolomu ndi zikwanje, adati chimabisa akuba, adachitchetcha chonse dzuwa lisadafike pamutu. Pamalo a njerwa pomwepo ndidatola ndowa yachitsulo yotayidwa, yokhala ndi kabowo pansi, ndipo mtengo udasamukira m'menemo. Ndaziona sitidamupeze. Utsi wa uvuni udalowa m'chifuwa cha mkazi wanga n'kukhazikika, ndipo tidabwerera kumidzi.

Sindidziwa kuti tidadutsa midzi ingati tisadafike kwa a Sandalamu. Tsitsi langa lidali litayamba kuyera. Iwo adali mwini mbumba, wosunga minda ya alongo awo ndi ana a alongo awo, nkhalamba yotsimphina imene idasiya zala za phazi kumigodi ya kutali, yokonda nkhani kuposa chakudya. Thengo adalibe. Adatipatsa tsala lotopa, lodzala kaufiti, limene ngakhale mbuzi zinkalidutsa osawerama.

"Mundawu udafa kale," adatero. "Mukaudzutsa ndiye kuti ndinu mfiti, tidzakuopani. Nanga awo ali m'ndowawo ndi apongozi anu?"

Nangondo adafotokoza. Iwo adagogoda ndowa ndi ndodo yawo.

"Mwambo mukuudziwa, sindikuphunzitsani. Tanyamulani ndione, kuti mlongo wanga akandifunsa ndikanene kuti ndidaona ndi maso."

Adanyamula, koma movutikira.

Kumeneko ndidaphunzira ntchito yovuta kuposa kuzula zitsa, ndiyo kudyetsa nthaka imene idadyetsa anthu mpaka kutha. Ndinkatola ndowe m'njira za ng'ombe, ndinkakwirira mapesi ndi masamba m'malo mowotcha, ndinkazula kaufiti asadachite maluwa. Ndidabzala nandolo, nditayamba ndafunsa ngati sali m'gulu la mitengo. A Sandalamu adati, "Nandolo si mtengo, ndi nyemba yodzikuza. Bzalani." Pang'onopang'ono dothi lidayamba kuda, nyongolotsi zidabwerera. Ndidadikira mkamwini wa manja osalala. Sadabwere. Mvula ina idadutsa, sadabwere. Tidagwetsa msasa n'kumanga nyumba ya zipupa zenizeni, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwa apongozi ndidapachika chitseko cha matabwa. A Sandalamu ankabwera masana kudzakhala pakhonde, kumwa thobwa ndi kundinamiza za kumigodi. Za kunyamula ndowa adaleka kufunsa.

Ndowayo idakhala kuseri kwa nyumba, kumene kunkatsikira madzi a kubafa. Kusolola mtengo kuti udulidwe mizu kumafuna anthu awiri, wogwira tsinde ndi wokoka. Chilimwe china Nangondo adagona pamphasa ndi chifuwa chake, ndipo tidati tidzachita akadzapeza bwino. Chilimwe chotsatira adati mikono ilibe mphamvu, tidikire. Ine sindidaumirire, pakuti kudali kupalira, kudali kufolera denga, kudali kufunafuna mankhwala.

Ndidayamba kuona masamba. Adatuluka aakulu, obiriwira mpaka kuda, onyezimira ngati opakidwa mafuta. Nthambi imodzi idaphuka molunjika kumwamba n'kupitirira phewa langa, kenaka mutu wanga, kenaka idakhudza udzu wa denga. M'mawa wina mkazi wanga atapita kuchitsime ndidagwira chogwirira cha ndowa n'kukoka. Zidali ngati ndikukoka dziko lonse. Ndidafukula pang'ono ndi chala. Dzimbiri lidali litadya pansi pa ndowa kuyambira pakabowo kaja, ndipo muzu udali utapeza khomo limene udalifuna moyo wake wonse.

Atabwera ndidamuuza monong'ona, ngati kuti mapesi ali ndi makutu.

"Make Ndaziona, mtengo walowa pansi."

Adatula mtsuko, adapukuta m'manja. "Mwaona lero? Amuna inu maso anu ali kumunda kokha. Udalowa mvula ya dzana."

"Nanga osandiuza?"

"Mukadatenga mpeni."

"Mukudziwa chimene chidzachitike akadzaona."

"Ndikudziwa. Koma taonani, bambo ake, taonani kunsongaku."

Kudali timatuwa toyera, totsekeka ngati timano ta mwana. Nangondo adatiyang'ana ndi nkhope imene ndidaiona komaliza tsiku limene Ndaziona adayamba kuyenda. Mpeni udali m'thumba mwanga, ndipo udakhala momwemo.

Maluwa atatseguka fungo lidadzaza bwalo, lidatuluka mpaka kunjira. Njuchi zidabwera ngati zaitanidwa kuukwati. A Sandalamu adafika masana monga mwa nthawi zonse, adakhala pakhonde, njuchi zikuwazungulira chipewa. Adamwa thobwa osayamba nkhani za kumigodi, chinthu chimene sichidachitikepo.

"Achimwene," adatero potsiriza, "mphuno yanga idafera kumigodi, sindimva fungo lililonse. Maso nawonso ayamba chifunga. Kuseri kwa nyumba yanu sindidapiteko, ndipo mwendo wangawu sufuna kupitako. Koma si onse a m'banja mwathu adapita kumigodi."

Amene sadapite kumigodi adali Yotamu, mwana wa mlongo wawo. Adali atabwera kumene kuchokera kutauni, ntchito itamuthera, ali ndi mkazi, ana ndi katundu wa m'matumba. Sindimuda. Ndidaona mmene ankayang'anira chimanga chathu, chimene chaka chimenecho chidali chitatalika kubisa munthu, ndipo ndidazindikira maso amenewo, pakuti adali anga. Adabwera kudzabwereka nkhwangwa, adatsata njuchi, adaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, ndipo adachoka osatenga nkhwangwa.

Mawa lake dzuwa litakwera adabwera onse: Yotamu, mayi ake, abale ena amene adaima chapatali, ndi a Sandalamu pambuyo, akutsimphina kuposa masiku onse. Tidayala mphasa. Mayi ake a Yotamu adakana kukhala.

"Tanyamulani tione," adatero.

Nangondo adapinda nkhata, adaiika pamutu monga ankachitira, adagwada, adagwira ndowa ndi manja awiri. Adakoka moona, sadachite chinyengo. Mitsempha ya m'khosi idatuluka, chifuwa chidamugwira, adatsokomola mpaka kugwira pansi. Maluwa ochepa adayoyokera pamsana pake.

"Yalemera ndi madzi," adatero a Sandalamu. "Dzulo kudagwa mvula. Ngakhale ine chipewa changa chalemera."

"Amalume, musatichititse manyazi," adatero Yotamu. Adagwira chogwirira n'kukoka ndi mphamvu za mnyamata, ndipo chogwiriracho chidathothoka n'kutsala m'manja mwake. Adafukula ndi khasu langa. Muzu udaonekera, wonenepa ngati mpini, utalunjika pansi.

Mayi ake a Yotamu adayankhula mosakweza mawu, ndipo mawu awo adalibe bodza.

"Inu anthu simudatilakwirepo. Mundawu mudaupeza wakufa, mwaudzutsa, tikuona. Koma ine ndili ndi ana, ana anga ali ndi ana, ndipo nthaka ya amayi athu ndi yomweyi. Achimwene angawa ndi a lero ndi mawa. Akadzapita, wina adzabwera kudzaloza mtengo uwu n'kunena kuti apa ndi pathu, ndipo adzakhala ndi mboni yoimirira. Mtengo ndi woubzala sangakhale pamodzi pamalo obwereka. Chimodzi chichoke. Dulani, mukhale monga mwakhalira, achimwene akadali ndi moyo."

"Mwamva, achimwene," adatero a Sandalamu, maso ali pansi. "Dulani. Mandimu ndi owawasa, simutaya kanthu. Ine ndikufuna pomwera thobwa."

Ndidalowa m'nyumba n'kutenga chikwanje. Ndidaganiza za chifuwa cha mkazi wanga ndi za msewu, za chitseko cha matabwa, za chimanga chimene chidali chitayamba kukhwima. Ndinkadziwa kuti mtengo wa msinkhu umenewo ukadulidwa muzu waukulu subwereranso m'ndowa. Umafota masiku ochepa. Koma zitsa ndidazula zambiri, ndipo ndidakweza chikwanje.

"Ikani pansi, bambo ake."

"Make Ndaziona, simungayendenso. Mverani chifuwa chanucho."

"Ndati ikani pansi." Adadzuka atagwira chipupa, adatembenukira kwa mayi ake a Yotamu. "Mayi, mwati chimodzi chichoke. Tikachoka ife, mtengo mudzausiya?"

"Ukakhala wathu, tiuduliranji?"

"Ndiye ndi wanu. Anthu onsewa amve: ine sindidabzale kanthu pano. Mudzanene kuti adabzala ndi a Yotamu, kapena mbalame. Koma pasadzafike nkhwangwa."

"Mayi inu mwapenga," adatero a Sandalamu. "Mukusinthanitsa denga ndi minga?"

"Bambo, mwatisunga bwino, Mulungu akuoneni. Koma mwamva okha, pano tikhala inu mukadali ndi moyo. Mukadzapita tidzanyamuka ndithu, ndipo tidzanyamuka ndi ndowa yopanda kanthu. Tidatuluka kwathu tili anayi. Wina adatayika, awiri takalamba m'njira. Mmodzi yekhayu ndiye wapeza pokhala. Ndimuzule ndi manja anga kuti ndigone m'nyumba mvula ziwiri?" Adapuma, adapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo mwana wanga adati adzafunsa kumene udabzalidwa. Akadzabwera, mudzamupatse mpando pamthunzi, mudzamuthyolere limodzi. Sadzakuvutitsani za malo. Ndi mwana woleredwa kwa eni, amadziwa kukhala m'mphepete mwa mphasa."

Yotamu adayang'ana chogwirira chimene chidali chikadali m'manja mwake, adasowa pochiika, adachitsamiritsa pachipupa mosamala ngati chinthu cha mtengo wapatali. Ine ndidaika chikwanje pansi.

Adatilola kudikira mpaka chimanga chiume, koma Nangondo adati kutsanzikana kotalika kumadwalitsa, ndipo mtima wa munthu umasintha akamaona nkhwangwa tsiku ndi tsiku. Tidathyola mondokwa wodzaza dengu. A Sandalamu adatiperekeza mpaka pamene mwendo wawo udakanira, akuyesa kuyamba nkhani ya kumigodi imene sadaimalize. Mkazi wanga sadapite kuseri kwa nyumba kukatsanzika. Koma titafika pamsewu ndidaona kuti nkhata ili pamutu pake, popanda chosenza, ndipo ankayenda khosi lili chilili, mapazi akutera mofatsa, monga munthu woopa kugwedeza maluwa.

Mudzi wotsatira udali patsinde pa phiri. Mwini malo adatambasula dzanja kuchokera pachulu kukafika pamtsinje, adayang'ana pamutu pa mkazi wanga, sadapeze chofunsa. Nangondo sadagwirenso khasu. Ankakhala pakhomo pa msasa akuyang'ana kumene tidachokera, ndipo nthawi zina ankandifunsa kuti, "Pano timandimu tafika bwanji? Ngati nsawawa, kapena ngati dzira la njiwa?" Ine ndinkayankha monga mwa nyengo. Chisanu chisadathe adamwalira. Eni mudzi adachita ulemu. Adamuika kumphepete kwa manda awo, kumene amaika alendo, ndipo adandipempha mwaulemu womwewo kuti pamtumbira ndisaikepo chomera chilichonse.

Ndidapitiriza kuyenda, pakuti sindidaphunzire china. Zaka zidadutsa zimene sindidaziwerenge. Tsiku lina msewu udandibweza wokha kudera lija, ndipo pamphambano ndidapeza mayi wachitsikana atayala thumba pansi, pamwamba pake milu ya mandimu aakulu, achikasu, a khungu lopyapyala. Ndidakhala pamwala kuti ndipume.

"Mandimu okongola, mayi. Ndi a kuti?"

"A pakhomo pathu pomwepa, agogo. Mtengo wake ndi umodzi koma umabala ngati isanu. Adabzala ndi apongozi anga, a Yotamu, chaka chimene adabwera kutauni. Ndi wodabwitsa, uli ndi chitsulo chozungulira patsinde ngati chibangili, khungwa lidachimeza."

"A Sandalamu alipo?"

"Ii, adapita kalekale, ine ndisadakwatiwe. Mumawadziwa?"

"Ndidamwapo nawo thobwa. Kodi sikudabwerepo mayi wina wochokera kutauni, wofunsa za mtengo umenewo, kapena za anthu amene ankayenda ndi mtengo pamutu?"

Adaganiza, adapukusa mutu. "Mtengo pamutu? Sindidamvepo. Ofunsa amafunsa mtengo wa mulu basi." Adaseka, kenaka adandiyang'anitsitsa, adasankha ndimu limodzi lobanduka pambali n'kundipatsa. "Tengani ili, agogo, silingagulidwe. Mukafinyire m'phala."

Ndidalandira ndi manja awiri. Sindidapite kukaona mtengowo. Ndimulo ndidalidyera panjira, ndi khungu lake lomwe, nthangala ndidameza chifukwa padalibe nthaka yanga yoti ndilavulirepo. Madzulo a tsiku limenelo ndidafika pamudzi wina, ndipo adandiuza kuti kuseri kwa chulu kuli zitsa zofuna munthu. M'mawa mwake ndidayamba kukumba.